Momwe mungaikire mtengo pa lathe yosemera matabwa yomwe yagwirapo kale ntchito

Ogulitsa lathe yakale amagwa mbali ziwiri. Wina amakumbukira ndalama zomwe anatulutsa pogula n'kutchula zomwezo, makina n'kukhala miyezi popanda wowafunsa. Wina amatopa nawo poona kuti akungodya malo, n'kuwataya motchipa pamodzi ndi chuck (chida chansagwada chogwira chosemedwacho) ndi matchizulo omwe paokha akanabweretsa ndalama yooneka. Onse awiriwa amatchula mtengo asanayese makinawo. Apa tiyamba ndi kuyesa, ndalama tiwerengera kumapeto. Kuti tisasokonezane, mawu oti mtengo m'nkhani ino akunena ndalama, ndipo chosemedwacho tizichitcha chipika.

Zofunika kukhala nazo

- tepi yoyezera kapena rula yachitsulo
- tochi yowala bwino
- masipanala ndi ma Allen key
- dial indicator (chida cha muvi choyezera kusuntha kochepa kwambiri) ya tsinde la maginito, ngakhale yobwereka
- drive centre ndi live centre (zitsulo ziwiri zogwira chipika uku ndi uku) zansonga zosabuntha
- chipika chouma, chotalika masentimita 30 ndi kunenepa masentimita 5
- nsanza, mafuta opepuka, sandipepala ya nambala 400 ndi phula lopaka pa chitsulo
- chishango choteteza nkhope
- foni yojambulira, pepala ndi cholembera

1. Dziwani chomwe mukugulitsa

Pezani kachitsulo kolembedwa dzina la kampani, modelo ndi nambala ya makinawo, ndipo kajambuleni. Lembani modeloyo mpaka chilembo chomaliza. Powermatic 3520A, 3520B ndi 3520C ndi banja limodzi, koma si makina amodzi ndipo sagulidwa mofanana.

Kenaka yezani zinthu izi, chifukwa ndi zomwe wogula wodziwa adzafunse asanafunse za ndalama.

Kuchokera pamwamba pa bedi (chitsulo chachitali chomwe mutu ndi mchira wa makina zimakhalapo) kufika pakatikati pa spindle (chitsulo cha ku mutu chomwe mota imazungulitsa), muyeze n'kuchulukitsa kawiri. Yankho lake ndi kukula kwa mbale yaikulu kwambiri yomwe makinawo angazungulitse. Tima lathe tating'ono timakhala pa mainchesi 10, pafupifupi mamilimita 250. Zapakati zimakhala pa mainchesi 12, ndipo zazikulu zimayambira pa 16 kupita 20 kapena kuposa. Bwezani mchira wa makina, mbali yotsetsereka pa bedi moyang'anizana ndi mutu, mpaka kumapeto kwa bedi, muyeze mtunda wa pakati pa nsonga za drive centre ndi live centre. Umenewo ndi utali wa chipika chomwe chingalowe.

Onani mazinga a spindle. Ofala masiku ano ndi 1" x 8 TPI, 1¼" x 8 TPI ndi M33 x 3.5 (TPI ndi chiwerengero cha mazinga pa inchesi imodzi). Makina akale a Record Power ambiri ali ndi ¾" x 16 TPI, Myford ML8 ili ndi 1" x 12 TPI, ndipo Union Graduate ili ndi 1½" x 6 TPI. Mazinga osowa amatsitsako mtengo, poti wogula adzavutika kupeza chuck yolowa pamenepo. Bowo la spindle nalo liyezeni pakamwa pake: mamilimita 12 ndiye kuti ndi MT1, pafupifupi 18 ndi MT2 (MT ndi Morse taper, muyeso wa bowo lomwe centre imalowamo). MT2 ndi yomwe ili ndi zida zambiri pamsika.

Pomaliza werengani kachitsulo ka pa mota: mphamvu yake, mavoti, ndiponso ngati ili ya single phase (magetsi wamba a m'nyumba) kapena three phase (a m'mafakitale). Hosipawa imodzi ndi mawati pafupifupi 750.

Chenjezo: musakopere miyeso pa intaneti osayeza nokha. Makina akale ambiri anasinthidwapo mota kapena kuwonjezeredwa bedi.

2. Tsukani, koma penti ayi

Zulani pulagi kukhoma. Chotsani utuchi paliponse, makamaka m'bokosi la lamba ndi pa mabowo opumira a mota. Dzimbiri la pamwamba pa bedi limachoka ndi mafuta opepuka ndi sandipepala ya 400, mukupukuta motsata utali wa bedi. Mukatha pukutani mafutawo mupake phula pang'ono, kuti mchira uziyenda ndi dzanja limodzi.

Penti watsopano musapake. Wogula wodziwa makina akaona lathe yakale ikunyezimira penti wa dzulo amayamba kufunafuna mng'alu womwe mwabisa. Chopukusira cha magetsi nacho chisayandikire bedi, chifukwa chimasiya timaenje tomwe sitidzatha.

3. Yesani makina ali chizimire

Apa mpomwe pagona mtengo weniweni, choncho musathamange.

Yambani ndi ming'alu. Walitsani tochi chammbali pa mutu wa makina, pa mchira, pa miyendo ndi pa tsinde lomwe limagwira chotsamiritsira tchizulo. Yang'anitsitsani mozungulira mabowo a mabawuti ndi m'makona, poti ming'alu imayambira m'menemo makina akagwa ponyamula. Chitsulo cha cast iron, choumbidwa m'chikombole chili chosungunuka, chimavuta kuwotcherera, ndipo pomwe chawotchereredwa nthawi zambiri pamapindika pang'ono.

Gwirani spindle ndi manja awiri, muikankhe m'mwamba, pansi, ndi m'mbali, kenaka muikoke ndi kuikankha motsata bedi. Isamveke kugogoda ngakhale pang'ono. Izungulitseni ndi dzanja lamba atamasulidwa. Ikamamveka ngati mwalowa mchenga, mabeyaringi atha.

Tsopano ikani dial indicator, nsonga yake igunde m'kati mwa bowo la spindle, mutalipukuta bwino. Zungulitsani pang'onopang'ono. Pa ntchito ya matabwa, muvi ukamasewera pakati pa mamilimita 0.02 ndi 0.05 palibe chodandaula. Ukapitirira 0.1 fufuzani. Mwina ndi utuchi womatirira m'bowomo, mwina mabeyaringi, mwinanso spindle inapindika. Kusiyana kwa zitatuzi pa ndalama n'kwakukulu, ndiye pukutaninso ndi kuyeza kachiwiri musanagamule.

Lowetsani drive centre ku mutu ndi live centre ku mchira. Kankhani mchira mpaka nsonga ziwirizo zitatsala pang'ono kugundana, ndipo mangani mchirawo. Ziyenera kuyang'anizana ndendende, mukaona kuchokera pamwamba ndi kuchokera m'mbali. Ambiri amaiwala kumanga mchira poyesa, n'kuona kusiyana komwe kulibe. Ngati mutu wa makinawo ndi wotembenuka, kusiyana kwa m'mbali kumakonzeka pongoumasula n'kuubwezera pamalo. Kusiyana kwa m'mwamba ndi pansi n'kovutirapo, makamaka kwa munthu wosema zolembera kapena woboola zipika ndi mchira. Lathe yoima pansi posalingana imathanso kupotoka bedi, choncho onani ngati miyendo yonse yaponda musanaiweruze.

Zungulitsani chogwirira cha mchira mpaka chitsulo cha m'kati chituluke chonse ndi kubwerera. Chisalimbe pena n'kumasuka pena. Mangani chotsamiritsira tchizulo n'kuchikankha ndi mphamvu, chisasunthe. Pamwamba pake pakakhala timabala, timachoka ndi fayilo m'mphindi zochepa, ndipo chotsani nokha. Onani mazinga a spindle ngati sanaphwanyike, makamaka oyambirira, pomangirira chuck ndi dzanja mpaka itakhala.

Lamba muonenso ngati wang'ambika kapena wauma. Lamba payekha ndi wotchipa, koma pa makina ambiri salowa popanda kuzula spindle yonse. Pa makina a lamba wa V, lamba wolumikiza tizidutswa amapulumutsa ntchito imeneyo.

4. Yesani makina akuyenda

Valani chishango. Yatsani popanda chipika, kuyambira liwiro lotsika.

Mota ikamangolira "hmmm" osazungulira, koma n'kuyamba mukaikankha ndi dzanja, kawirikawiri vuto ndi capacitor (kachida kothandiza mota kuyamba kuzungulira) kapena switchi ya m'kati mwa mota. Zimenezo n'zokonzeka. Fungo la waya wopsa ndi nkhani ina.

Kasinthidwe ka liwiro kali mitundu itatu, ndipo kamasuntha mtengo kwambiri. Makina osuntha lamba ndi dzanja pa mapulley (mawilo omwe lamba amayendapo) ndi osavuta, sawonongeka wamba, koma ogula ambiri sawakhumbira. Makina a Reeves drive, osintha ndi chogwirira, ayeseni kuchokera pansi mpaka pamwamba. Chogwiriracho chisunthidwe makina akuyenda basi. Mukachikakamiza ali chizimire mutha kuthyola pulley, ndiye musalole wobwera kudzaona kuchigwiragwira. Makina a inverter (bokosi la magetsi lolamulira liwiro la mota), osintha ndi kabatani kozungulitsa, ndi omwe amafunidwa kwambiri. Zungulitsani kabataniko pang'onopang'ono, liwiro likwere mosadumpha. Likamadumphadumpha, nthawi zambiri ndi kabatani komweko, kotchipa. Inverter ikamazima yokha kapena kuonetsa nambala ya vuto, lembani nambalayo, chifukwa chimenecho ndi chimodzi mwa zida zodula kwambiri pa makinawo.

Asiyeni makina ayende mphindi 15 kapena 20 pa liwiro lokwera, kenaka zimitsani n'kugwira pamutu pomwe pali mabeyaringi. Kufunda si vuto. Kutentha koti dzanja silingakhalepo ndi vuto.

Pomaliza mangani chipika chanu muchiseme mpaka chibulungike. Muuze wina akujambuleni kanema wa masekondi 30 womveka bwino mawu. Kanema ameneyo adzakuyankhirani mafunso ambiri.

5. Gawani zovuta m'magulu atatu

Zazing'ono ndi lamba, capacitor, switchi, zogwirira zothyoka ndi dzimbiri la pamwamba. Izi konzani nokha musanalengeze. Wogula akaona lamba wong'ambika sachotsa ndalama ya lamba yokha, amachotsa ndi ya mantha ake omwe.

Zapakati ndi mabeyaringi ndi mapulley otha. Mabeyaringi a lathe zambiri ndi wamba, okhala ndi nambala ngati 6205, omwe amapezeka kwa ogulitsa mabeyaringi osadikira kampani. Ngati muli ndi zida zozulira, sinthani pamodzi ndi lamba spindle ili kunja kamodzi. Ngati mulibe, chotsani pa mtengo pafupifupi kawiri ndalama ya zidazo, kuti wogula apezepo cholipira mmisiri.

Zazikulu ndi mng'alu pa mutu kapena pa bedi, spindle yopindika, mota yopsa ndi inverter yakufa. Funsani mtengo wa chida chatsopano musanachite china chilichonse. Ngati kampaniyo inasiya kupanga zida za modelo imeneyo, werengerani zogulitsa makinawo zidutswazidutswa. Mchira, chotsamiritsira tchizulo, miyendo ndi mota yamoyo zimafunidwa ndi anthu omwe ali ndi makina ofanana.

6. Fufuzani mitengo iwiri, yatsopano ndi yogulitsidwa

Woyamba ndi mtengo wa makina omwewo ali atsopano lero, osati chaka chomwe munagula. Ngati anasiya kupangidwa, tengani atsopano ofanana nawo kukula, mphamvu ya mota, kasinthidwe ka liwiro ndi kulemera. Mtengo umenewu ndi denga. Wogula akaona kuti kuwonjezera pang'ono apeza atsopano okhala ndi chitsimikizo cha kampani, kwanu sabwera.

Wachiwiri ndi mtengo womwe makina ngati anuwo anagulidwadi. Apa mpomwe ambiri amasokera. Zomwe mumaona pa Facebook Marketplace ndi zomwe anthu akupempha, ndipo chilengezo chomwe chakhala miyezi inayi chikukuuzani mtengo womwe anthu akukana. Pa eBay pali posankha kuti muone zogulitsidwa kale zokha. Makampani ogulitsa pa okushoni ena amasiyanso zotsatira zawo poyera, koma kumbukirani kuti wogula kumeneko amalipira ndalama ina pamwamba pa yomwe yalembedwa. Magulu a osema matabwa nawonso amadziwa zomwe zinagulidwa posachedwa.

Pezani mitengo isanu ngati n'kotheka, ya chaka chimodzi chapitachi komanso ya dera lomwe wogula wanu angachokere. Pa uliwonse lembani zomwe zinapita nawo limodzi.

Mukasowa chofanizira, amisiri ambiri amayambira pa theka la mtengo watsopano, n'kukwera kufika magawo awiri mwa atatu ngati makina ali bwino kwambiri. Mayina odalirika ngati Oneway, Vicmarc, Robust ndi Powermatic amakhala kumtunda kwa muyeso umenewu. Makina opepuka a bedi ya mapaipi kapena ya chitsulo chopyapyala, opanda dzina lodziwika, amagwa pansi pa theka ngakhale atagwira ntchito kawiri kokha.

7. Werengerani zida padera

Yalani zonse patebulo: ma chuck, nsagwada zake, ma faceplate (timbale tachitsulo tomangirapo chipika), matchizulo, zotsamiritsira zina ndi chowonjezera bedi. Drive centre, live centre, faceplate imodzi, chotsamiritsira chimodzi ndi ndodo yogogodera centre ndi za makinawo, zipite nawo. Zotsalazo chilichonse chikhale ndi mtengo wake.

Chuck ya nsagwada zinayi ya Nova, Oneway kapena Vicmarc imagulidwa msanga payokha. Onani kumbuyo kwake. Ngati mazinga ali pa kachitsulo kochotseka, chuck imeneyo ingalowe pa lathe zina pongosintha kachitsuloko, ndiye ogula ake ndi ambiri. Kiyi wake asasowe.

Matchizulo agaweni pawiri. Olembedwa HSS (chitsulo cholimba chosafooka chikatentha), monga a Robert Sorby, Crown kapena Henry Taylor, ali ndi mtengo, ndipo mtengowo umatsata utali wa ngalande yomwe yatsala pa chitsulo cha tchizulocho. Tchizulo chonoledwa mpaka kutsala zala ziwiri chatha, ngakhale dzina likhale lotchuka. Akale a carbon steel, omwe amabiriwira kunsonga akatenthedwa ponola, aphatikizeni mtolo umodzi. Ngati chilembo chinafufutika, gunditsani pa mwala wonolera: HSS imatulutsa tinthethe tochepa tofiirira, pomwe carbon steel imatulutsa zambiri zowala zomwazika.

8. Phatikizani

Manambala awa ndi ongoyerekezera, pa ndalama ya mtundu uliwonse. Tinene kuti lathe yatsopano ili pa 1,000, ndipo mwapeza zogulitsidwa pa 480, 520, 550, 600 ndi 900. Ya 900 inapita ndi chuck ndi matchizulo khumi, ndiye ichotseni. Pakati pa zinayi zotsalazo ndi 535. Makina anu akufuna lamba wa 20 ndi mabeyaringi a 30. Mukasintha nokha mwawononga 50, mtengo n'kukhalabe 535. Mukasiya osasintha, wogula adzachotsa 100 kapena kuposa, mutsale ndi 435.

Ngati makinawo mukufuna kuwagula kuti mukagulitsenso, werengerani chobwerera m'mbuyo. Pa 535 chotsani zida zosinthira, thiransipoti, maola anu, ndalama yomwe tsamba logulitsira limadula, ndi phindu lomwe mukufuna. Chotsalacho ndiye malire anu pogula. Phindu la malonda awa limapezeka tsiku logula, ndipo kawirikawiri limabisala m'bokosi la zida lomwe mwini wake wangoponyerapo.

9. Kulemera ndi magetsi

Lathe yaing'ono munthu amainyamula yekha n'kuiika m'galimoto, choncho ogula ake ndi ochuluka. Yaikulu ngati Powermatic 3520 imayandikira makilogalamu 300. Imeneyo imafuna anthu angapo kapena chonyamulira, ndipo wogula amawerengera zimenezo. Mukaimasula mutu, mchira ndi miyendo n'kunena kuti muthandiza kukweza, mumateteza mtengo wanu. Koma musaimasule wogula asanaione ikuyenda.

Makina akale a m'masukulu ndi m'mafakitale, monga Union Graduate ndi a Wadkin, ambiri ali ndi mota ya three phase, yomwe nyumba zambiri zilibe magetsi ake. Onani kachitsulo ka pa mota. Ngati kalembedwa mavoti awiri, monga 230 ndi 400, motayo ingayende ndi inverter pa magetsi a m'nyumba, ndipo nenani zimenezo polengeza. Ngati ndi 400 yokha, chotsani pa mtengo ndalama ya mota ina. Makina ochokera ku United States a mavoti 120 amafunanso transformer m'maiko a mavoti 230.

10. Ikani mitengo iwiri ndipo lengezani

Lembani papepala mtengo womwe simungatsikepo, wogula asanabwere. Wolengeza ukhale pamwamba pa womwe mukuyembekeza ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kuti pakhale ponenerera. Pa chitsanzo chathu, lengezani 590, yembekezani 535, ndipo pansi pa 500 kanani.

Polengeza ikani miyeso yonse ya gawo loyamba, zithunzi za mbali zonse, chithunzi cha nsonga ziwiri zitayang'anizana, kanema uja, ndi vuto lililonse lomwe latsala. Zida zilembeni ndi mitengo yake, n'kunena kuti wotenga zonse mumuchotserako. Pakatha masabata awiri kapena atatu popanda wofunsa, tsitsani kamodzi mooneka. Kutsitsa pang'onopang'ono tsiku lililonse kumaphunzitsa ogula kudikira. Anthu akakhamukira tsiku loyamba lomwelo, munatchipitsa, koma yemwe mwagwirizana naye kale musamusinthire mawu.

Zolakwa zofala

Kuwerengera ndalama zomwe munawononga pokonza ngati zowonjezera mtengo. Mabeyaringi atsopano amangobwezera makina pomwe amayenera kukhala. Chomwe chimakwezadi mtengo ndi chinthu ngati inverter yoikidwa bwino, ndipo nayonso sibweza ndalama yake yonse.

Kuganiza kuti chakale chilichonse n'chodula. Lathe yolemera ya cast iron ya zaka 50 ingathe kuposa yatsopano pa ntchito, koma ngati mazinga ake ndi osowa, liwiro lake lotsika kwambiri n'lothamanga moti chipika chachikulu chimagwedeza makina onse, ndipo mchira unasowa, ogula ake ndi owerengeka.

Kulemba kuti "inkayenda bwino pomwe ndinaisunga". Wogula amamva kuti yafa, ndipo amatchula mtengo wa yakufa. Ilumikizeni ku magetsi muiyese.

Kubisa vuto. Wosema wodziwa amabwera ndi ma centre ake m'thumba, ndipo akapeza chimodzi chomwe simunanene, amakayikira zonse zomwe munanena.

Kusokoneza lathe ya matabwa ndi ya zitsulo pofufuza mitengo. Ya zitsulo ili ndi ngolo yoyenda pa bedi ndi magiya odulira mazinga, ndipo msika wake ndi wina.

Kupereka chuck ngati basela pofuna kutseka malonda. Wogula akakakamira kuti muchotseko, perekani mtolo wa matchizulo a carbon steel kapena zipika zomwe zatsala, chuck ikhale pa mtengo wake.